Miyezi isanu ndi umodzi m'gulu lochepetsa thupi ku Mzuzu: zimene ndinalipira ndi zimene ndinapeza

Ndinalowa m'gulu lochepetsa thupi ndili ndi zaka 48, patangotha mlungu umodzi kuchokera tsiku limene ndinaima kawiri kuti ndipume pa kachitunda kokwera kunyumba kwathu ku Katoto, nditanyamula kajumbo ka tomato ndi mpiru basi. Mtsikana wina wa sukulu amene ankabwera m'mbuyo mwanga anandifunsa mwaulemu kuti, "Amayi, ndikulandireni?" ndipo ndinachita manyazi kumupatsira katundu amene ngakhale mwana wa sitandade 1 akanathamanga naye. Mwezi womwewo anesi anali atandiyeza n'kupeza kuti magazi anga akuthamanga pa 152/96, ndipo anandiuza mosapita m'mbali kuti mankhwala andiyambitsa, koma thupi nalonso liyenera kutsika. Panopa ndatha miyezi isanu ndi umodzi m'gululi, kuyambira Malichi mpaka Ogasiti, ndipo mwezi uliwonse ndakhala ndikulipira ndalama ya m'thumba mwanga. Dzina la gululi sinditchula, chifukwa pali zinthu zingapo zimene ndidandaule, ndipo eni ake ndinawauza kale zimenezi pamaso.

Amene amayendetsa gululi ndi anthu awiri: mayi wina amene anaphunzira za kadyedwe koyenera, ndi mnyamata wophunzitsa masewera olimbitsa thupi amene tonse timangomutchula kuti Kochi. Timakumana katatu pa mlungu, Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, nthawi ya 5:30 m'mawa pabwalo lina pafupi ndi tauni, ndipo Loweruka tikamaliza masewera timalowa mu holo ina yochita lendi kukakwera pasikelo ndi kukambirana kwa ola limodzi. Palinso gulu la pa WhatsApp. Mitengo ya zinthu sikukhazikika chigwereni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, choncho kutchula ndalama yake sikungathandize munthu wowerenga miyezi ikubwerayi. Ndingonena kuti malipiro a pamwezi akhala akufanana ndi mtengo wa chigubu cha malita asanu a mafuta ophikira. Tilipo anthu oposa pang'ono makumi awiri, ambiri ndife amayi a zaka zapakati pa 40 ndi 60, aphunzitsi, anamwino, a m'maofesi ndi ochita malonda kumsika wa Taifa, ndipo abambo alipo anayi okha. Moni wa m'mawa amakhala wa Chitumbuka, "Mwawuka uli," koma maphunziro amachitika m'Chichewa, zimene zinandithandiza ine wobadwira ku Dedza amene ndinabwera kuno chifukwa cha ntchito.

Tsiku loyamba linandipatsa chikhulupiriro chifukwa sanandithamangitse pabwalo. Mayi wa zakudya uja anandikhazika pansi, anapempha kabuku kanga ka kuchipatala, anawerenga mankhwala amene ndikumwa, ndipo anandiuza kuti aliyense wa matenda a shuga kapena a mtima amayamba wakaonana ndi dokotala wake asanalowe m'masewera. Kenaka anandiyeza. Ndinkalemera makilogalamu 87 pa msinkhu wa mamita 1.60, ndipo atagawa kulemerako ndi msinkhu wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo anapeza 34, nambala imene amaitcha BMI, yosonyeza ngati kulemera kwa munthu kukugwirizana ndi msinkhu wake. Anandifotokozera kuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu akafika pa 25 ndiye kuti thupi lapitirira muyeso, ndipo akafika pa 30 ndiye kuti wanenepa kwambiri. Chimene anachiikira mtima koposa sikelo chinali tepi yoyezera m'chiuno, ngati ya atelala. Yanga inaonetsa masentimita 104, pamene kwa mayi chiopsezo cha matenda chimayamba kukwera akapitirira 80 ndipo chimakula kwambiri akapitirira 88. Kwa bambo manambala ake ndi 94 ndi 102. Mafuta a pamimba, anatero, ndi oopsa kuposa a m'ntchafu chifukwa amakuta chiwindi ndi matumbo, ndipo amachititsa kuti thupi lisamamvere bwino insulin, michere imene imatsitsa shuga m'magazi, ndipo chimenechi ndi chiyambi cha matenda a shuga a anthu akuluakulu.

Nditanena kuti ndikufuna kubwerera pa makilogalamu 62 amene ndinali nawo pa tsiku la ukwati wanga, anaseka pang'ono n'kundiuza kuti, "Mayi, ukwatiwo unatha, tiyeni tiyambe ndi makilogalamu asanu." Kunena zoona ndinakhumudwa, chifukwa ndinaona ngati ndalipira ndalama yambiri kuti andilonjeze zochepa. Iwo anafotokoza kuti kuchotsa magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwa munthu kumayamba kale kutsitsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo kuti liwiro loyenera ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa mlungu. Anatchulanso kafukufuku wa ku America amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, wa anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga: amene anathandizidwa kusintha kadyedwe, kuyenda mphindi 150 pa mlungu ndi kuyesetsa kuchotsa magawo 7 pa 100 a kulemera kwawo, chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi magawo 58 pa 100. Lero ndikuona kuti kukana kundilonjeza zazikulu ndi chimodzi mwa zinthu zabwino kwambiri zimene gululi linandichitira, ndipo ndi chimene chimalisiyanitsa ndi zotsatsa za pa Facebook zolonjeza makilogalamu khumi m'masabata awiri.

Phunziro la Loweruka lachiwiri linali la chifukwa chimene thupi limasinthira munthu akafika zaka zathuzi, ndipo linandichotsera mlandu umene ndinkadziimba ndekha kwa zaka zambiri. Munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono ngati sakuigwiritsa ntchito, ndipo popeza minofu imatentha chakudya chambiri kuposa mafuta a m'thupi, mbale yomweyo ya nsima imene inkangodutsa tili atsikana imayamba kusiya zotsalira. Kwa amayi, nthawi yosiya msambo, imene kwa ambiri imafika pakati pa zaka 45 ndi 55, imasamutsa mafuta kuchoka m'chiuno ndi m'ntchafu kupita pamimba, ndipo kutentha thupi usiku kumasokoneza tulo. Munthu wosagona mokwanira amadzuka ndi njala ya zotsekemera. Pamwamba pa zimenezi pali moyo wa m'tauni. Kwathu ku Dedza ndinkatunga madzi, kusinja ndi kupita kumunda, koma kuno ndimakhala pampando kuyambira 7:30 mpaka 4:30, ndipo mtunda umene amayi anga akanayenda akucheza ine ndinkakwerera njinga ya kabaza. Sikuti ndinayamba dyera nditakula; ndinapitiriza kudya ngati mlimi nditasiya kulima.

Mbali ya zakudya ndi imene ndinkaiopa, chifukwa ndinkaganiza kuti andiletsa nsima, ndipo ndinali nditakonzeka kusiya gululi tsiku lomwelo. Sanandiletse. Mayi uja anabwera ndi chipande, mbale ndi nsima yophikaphika, n'kutiuza aliyense kuti aomole mmene amaomolera kunyumba. Ine ndinaika mitanda itatu, kandiwo kamasamba m'mbali ngati kokongoletsera, ndi msuzi wambiri wonyezimira mafuta. Iwo anachotsa mtanda umodzi ndi theka, anadzaza theka la mbale ndi masamba, ndipo malo otsalawo anaika usipa. Anatiuza kuti nsima isapitirire kukula kwa chibakera cha mwini wake chimodzi kapena chimodzi ndi theka, ndiponso kuti tiyambe kudya ndiwo tisanateme nsima. Masabata awiri oyambirira ndinkadzuka patebulo ndikumva ngati sindinadye, ndipo sindinganame kuti zinali zophweka, koma pofika mwezi wachiwiri mitanda itatu ija inkandioneka ngati chakudya cha anthu awiri.

Anatilimbikitsa mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, chifukwa pokonola ndi kuviika chimanga timataya gaga ndi kamtima kake, mmene muli zakudya zambiri zofunika ndi zimene zimachititsa kuti munthu akhale wokhuta nthawi yaitali. Apa panali nkhondo ya pakhomo, popeza abambo a kunyumba anakulira m'banja limene mgaiwa unali chizindikiro cha njala kapena cha sukulu yogonera komweko, ndipo anandifunsa ngati ndalama ya kuchigayo yasowa. Tinagwirizana zosakaniza maufa awiriwo, ndipo mpaka lero ndi mmene tikuphikira. Anzathu ochokera ku Nkhata Bay anafunsa za kondowole, a ku Karonga anafunsa za mpunga wa Kilombero ndi nthochi zophika, ndipo yankho linali limodzi: zonsezi zili m'gulu la zakudya zokhutitsa, chimodzi mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amaphunzitsa m'dziko muno, choncho muyeso wake ndi womwewo, ndipo si nzeru kuika mpunga, mbatatesi ndi nsima m'mbale imodzi monga timachitira pa zikondwerero.

Chimene chinandidzidzimutsa kwambiri sichinali nsima koma mafuta ndi shuga. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, umene ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi, pamene ya ufa kapena ya mapuloteni ili ndi 4, ndipo supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, amene munthu wa thupi ngati langa amafunika kuyenda ndawala mphindi pafupifupi 20 kuti awatenthe. Ine sindinkayeza ndi supuni. Ndinkapendeketsa botolo mpaka tomato atayandama. Banja lathu la anthu asanu linkamaliza malita asanu mwezi usanathe. Titayamba kuyeza supuni ziwiri pa mphika, ndi kubwerera ku masamba otendera pang'ono ndi owiritsa ndi tomato, chigubu chomwecho chinayamba kufika miyezi iwiri, kotero kuti theka la malipiro a gululi limachokera pa mafuta amene sindikugulanso. Kuchulutsa shuga m'zakumwa ndiye vuto la mzinda uno. Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, kumazizira, ndipo tiyi ndi bulangeti la m'mimba. Ndinkamwa makapu atatu pa tsiku, kapu iliyonse masupuni aang'ono atatu, ndi mandasi awiri nthawi ya 10 koloko ku ofesi. Botolo la chakumwa chozizira la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi asanu ndi atatu, pamene WHO imalangiza kuti shuga wowonjezera asapitirire magalamu pafupifupi 50 pa tsiku, amene ndi masupuni 12, ndipo ndi bwino koposa akakhala theka la pamenepo. Thobwa, limene kuno amati chindongwa, nalonso timalithira shuga ngati kuti chimera sichitsekemera pachokha. Mchere anatiuza kuti usapitirire magalamu 5 pa tsiku, supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi umene uli mu buledi ndi m'timibulu tokometsera ndiwo, ndipo kwa ine wa magazi othamanga limeneli linali lamulo losakambirana.

Phunziro limene ndingalipatse malikisi onse linachitikira kumsika waukulu osati mu holo. Loweruka lina mayi wa zakudya uja anatitenga anthu khumi, aliyense atanyamula ndalama imene amagulira ndiwo za masiku atatu, n'kuyenda nafe benchi ndi benchi. Anatisonyeza kuti bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa ndi chigwada ndi zotsika mtengo kuposa kabichi ndi soseji zimene timaziona ngati zapamwamba, kuti mulu wa usipa, nyemba, mazira ndi soya zimapereka mapuloteni osunga minofu popanda kudikira tsiku la malipiro, ndiponso kuti mbatata yophika kapena chinangwa chowiritsa chimagwira m'mimba kuposa mandasi. Anatichenjezanso za mapeyala ndi mtedza, kuti ndi zabwino koma zili ndi mafuta ambiri, choncho theka la peyala kapena mtedza wodzaza chikhatho chimodzi ndi wokwanira. Ulendo umenewu unakonza cholakwa chimene anayamba nacho, chifukwa pepala la zakudya limene anatipatsa mlungu woyamba linali lodzaza ndi zinthu za m'masitolo akuluakulu zimene ambiri a ife sitigula, ndipo linkaoneka kuti analitenga pa intaneti osalisintha. Titadandaula analilembanso, koma munthu wolipira sayenera kukhala amene akuphunzitsa mphunzitsi kuti kuno timadya chiyani.

Masewera ake ndi osafuna zipangizo: kuyenda ndawala, kukwera zitunda zimene mzinda uno suzisowa, kukhala ndi kudzuka pabenchi, kukankha khoma, ndi kunyamula mabotolo odzaza madzi kapena mchenga. Cholinga ndi kukwanitsa mphindi 150 pa mlungu ndi masiku awiri olimbitsa minofu, monga WHO imalangizira. Kochi ndi wansangala, safika mochedwa, ndipo amadziwa dzina la aliyense. Vuto lake ndi ubwana. Mwezi woyamba ankatidumphitsa ngati anyamata a timu ya mpira, akufuula kuti, "Tiyeni amayi, musagonje!" ndipo sankamvetsa kuti bondo la munthu wa zaka pafupifupi 50 wolemera makilogalamu 87 silimva chilimbikitso. Langa lakumanja linatupa ndipo ndinakhala masabata awiri osapita, koma ndalama ya masiku amenewo sanandibwezere kapena kuisunthira mwezi wotsatira. Amayi angapo titalankhula, anatigawa m'magulu awiri ndipo ife a mawondo ovuta anatichotsera zodumpha. Zinayenera kukhala choncho kuyambira tsiku loyamba, makamaka popeza gululi limadzitcha la anthu a msinkhu wapakati.

Komabe ndikafunsidwa chimene ndalama yanga inagula kwenikweni, sinditchula pepala la zakudya kapena masewera, chifukwa zonsezo munthu angathe kuzimva pawailesi kapena kuchipatala osalipira. Inagula anthu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chifunga chimakuta mzinda ndipo mvula yamawawa imagwa ngakhale kuti dzinja linatha, palibe nzeru ya m'buku imene ingamudzutse munthu 5 koloko m'mawa. Chimene chinkandidzutsa chinali kugogoda kwa pageti kwa mayi wina wa m'dera lathu, mphunzitsi wopuma pantchito wa zaka 57, amene ankaitana kuti, "Achemwali, kwacha, musandiimike pachisanu." Masiku amene iwo ankafooka, wogogoda ndinkakhala ine. Eni gululi anachita dala kutiphatikiza awiriawiri motengera kumene timakhala, ndipo pa zonse zimene anakonza, imeneyi ndi nzeru imene inagwira ntchito kuposa zina.

Anthu amenewa anafunika kwambiri pamene thupi linayamba kuoneka kuti latsika, chifukwa kwathu kuno kuonda si nkhani imene anthu amakuyamikira. Tinakula tikumva kuti "mwanenepa" ndi moni wa ulemu, kuti mayi wonenepa ndiye kuti akusamalidwa bwino pabanja, ndipo bambo wa mimba ndiye bwana. Ambiri a msinkhu wathu tinaikanso abale m'manda m'zaka za m'ma 1990, mankhwala otalikitsa moyo a anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004, ndipo mawu akuti kaliwondewonde sanachoke m'mitu mwathu. Nditachotsa makilogalamu asanu, mayi wina wa kumpingo anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Mayi, ngati pali vuto musabise, masiku ano mankhwala alipo." Apongozi anga atabwera kudzacheza anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anatembenukira kwa mwana wawo n'kufunsa kuti, "Kodi mkaziyu mukumudyetsa?" Ndinagwada n'kuwafotokozera kuti, "Amayi, ndi a chipatala anandiuza, magazi akuthamanga," koma iwo anangoti, "Ife tinakalamba ndi nsima yomweyi," ndipo madzulo ake anaomola okha mbale yanga. Ndinadya, chifukwa mbale ya apongozi sibwezedwa.

Loweruka lotsatira nditafotokoza zimenezi mu holo, pafupifupi aliyense anali ndi nkhani yofanana nayo, ndipo tinatha ola lonse tikuphunzitsana mayankho aulemu: mmene ungakanire botolo lachiwiri pa ukwati osanyoza mwini phwando, mmene ungadyere pamaliro osaoneka wonyada, mmene ungapemphere kuti tiyi wa kumsonkhano wa amayi abwere shuga ali padera. Mayi wa zakudya anatikumbutsa kuti vutoli si la ife tokha, potchula kafukufuku amene anachitika ku Lilongwe ndi ku Karonga pakati pa anthu oposa 28,000, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018 ndipo zinasonyeza kuti amayi 44 pa 100 alionse a m'tauni anali ndi thupi lopitirira muyeso, poyerekeza ndi 27 a kumudzi. Holo ija inali malo okhawo mu mzinda wonse kumene munthu akatsika ndi theka la kilogalamu anthu ankamuombera m'manja m'malo momuyang'ana mwachisoni.

Mwezi wachinayi sikelo inaima. Kwa masabata asanu inkangosonyeza makilogalamu 81, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndikutaya ndalama. Mayi uja sanandinamize. Anati thupi likapepuka limatentha chakudya chochepa kuposa kale, choncho kuima kotere kumachitika kwa ambiri, koma anandipemphanso kuti ndilembe chilichonse cholowa m'kamwa kwa masiku atatu osabisa kanthu. Pepalalo linandiulula. Chisanu chinali chitabwezeretsa kapu yachitatu ya tiyi, supuni imodzi ya shuga inali itasanduka yodzaza mosefukira, ndipo mtedza wa chikhatho chimodzi uja ndinkaudya katatu pa tsiku. Anandiyezanso m'chiuno n'kupeza kuti masentimita awiri achoka ngakhale sikelo sinasunthe, ndipo anangoti, "Pang'onopang'ono ndi mtolo." Kukumana kwa awiri kotereku kunandithandiza kuposa maphunziro a gulu, koma kumachitika pokhapokha munthu akachita kupempha, ndipo amanyazi ambiri sadziwa n'komwe kuti n'kotheka.

Chodandaula changa chachikulu ndi mmene amayezera anthu. Sikelo amaiika kutsogolo kwa holo, Kochi amawerenga nambala mokweza, ndipo madzulo ake mndandanda wa amene atsika kwambiri umaikidwa pa WhatsApp. Kwa amene zikuwayendera n'zosangalatsa, koma mayi wina wa ku Chibavi, amene anakwera ndi kilogalamu imodzi atachokera kumaliro a mchimwene wake, anamva nambala yake ikulengezedwa anthu ali chete, ndipo sanabwerenso. Kulemera kwa munthu ndi nkhani ya umoyo wake, yofanana ndi zimene zimalembedwa m'kabuku ka kuchipatala, ndipo gulu limene linasamala kwambiri tsiku loyamba silinayenere kuisandutsa mpikisano. Mpikisanowo umakopanso anthu kuchita zachinyengo zodzipweteka nazo okha, monga kusadya Lachisanu madzulo kapena kusamwa madzi m'mawa wa Loweruka.

Chachiwiri ndi tiyi wochepetsa thupi amene mayi wina amagulitsa pageti la holo Loweruka lililonse. Mayi wa zakudya anatiuza momveka kuti matiyi ambiri otere amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, kotero kuti chimene chimachoka ndi madzi osati mafuta, ndipo kuti kwa munthu womwa mankhwala a magazi kapena a shuga angathe kubweretsa vuto. Komabe wogulitsayo amaloledwa kuima pomwepo, amatumiza zotsatsa zake m'gulu la pa WhatsApp, ndipo palibe amene amazichotsa. Munthu watsopano amaganiza kuti tiyiyo ndi mbali ya maphunziro. Gulu la pa WhatsApp lenilenilo ladzaza ndi mauthenga a m'mawa wabwino ndi malonda a zitenje, moti funso lenileni la zakudya limamira osayankhidwa. Abambo anayi aja nawonso sapatsidwa zawo: nkhani ya mowa, umene galamu yake imodzi ili ndi makalori 7, ndi kanyenya wa kumapeto kwa mlungu inangokhudzidwa kamodzi mongodutsa, pamene kwa iwo ndi pamene pagona nkhani. Nthawi ya 5:30 ndi yabwino kwa ife oyandikira, koma wochokera ku Luwinga, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa ayenera kunyamuka kuli mdima ndi kulipira ulendo, ndipo gulu la madzulo limene analonjeza silinayambebe.

Pakutha pa Ogasiti ndinali pa makilogalamu 79, m'chiuno masentimita 95, ndipo BMI ili pafupi ndi 31, kutanthauza kuti pa tchati ndidakali m'gulu la onenepa kwambiri ngakhale ndachotsa magawo 9 pa 100 a kulemera kwanga. Magazi akuthamanga pa 134/86, ndipo mankhwala ndikumwabe, chifukwa kusiya kapena kuchepetsa ndi nkhani ya adokotala osati ya Kochi, ndipo pamenepa eni gululi sanayesepo kulowerera. Tulo ndikugona bwinoko, bondo lasiya kudandaula pokwera masitepe a ku ofesi, ndipo masiketi anayi ndinapita nawo kwa atelala kuti akawabweze. Munthu wa msinkhu wanga amene anayesapo yekha kangapo n'kulephera, amene amakhala pafupi ndi tauni ndipo angathe kupatula ndalamayo osasowetsa ana chakudya, ndingamuuze kuti apite, koma asanalipire afunse ngati wophunzitsa zakudyayo ali ndi maphunziro ake, ngati amayamba aona kabuku ka kuchipatala, ngati pali masewera a anthu a mawondo ovuta, ndi chimene chimachitika ndi ndalama yake akadwala. Amene ali kale ndi mnzake wokhulupirika woyenda naye m'mawa, ndipo angathe kufunsa za zakudya kuchipatala chimene amapitako, adzapeza kuti gawo lalikulu la zimene ife timalipira ali nalo kale.

Mwezi uno ndinawauza eni ake kuti ndilipira miyezi ina itatu ngati sikelo ichoke kutsogolo kwa holo ndipo mndandanda wa pa WhatsApp uthe. Loweruka lapitali ndinapeza sikelo ili m'kachipinda ka m'mbali, munthu akulowa yekha ndi mayi wa zakudya, ndipo nambala yanga anandilembera pakapepala. Wogulitsa tiyi uja anali adakali pageti, ndipo ndinaona amayi awiri atsopano akutsegula zikwama zawo.